Kukonzanso Kompyuta ya Masewera ndi Ndarama Zocepa

Nkhani ya lero ikhudza anyamata ndi atsikana a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, pamodzi ndi abale ao amene agwira nchito ku migodi ya ku Kitwe, Chingola ndi Solwezi, natumiza ndarama kumudzi. Kale mwana anali kupempha njinga kapena wailesi. Lero alipo amene apempha ndarama zogulira zipangizo za kompyuta kuti azisewerapo masewera atsopano, makamaka a mpira. Ena atero cifukwa ca cisangalalo cabe, koma ena ali ndi kanyumba pamsika kumene anzao alipira kuti asewere, ndipo kwa iwo kompyuta ndiyo munda. Ndarama zotere zicokera m'thonje ndi cimanga ca caka cathunthu, kapena m'thukuta la munthu wa pansi pa mgodi. Zikatayika sizibwera msanga.

Mlimi ali yense adziwa kuti akamanga ng'ombe yamphamvu m'goli limodzi ndi yofoka, ngolo iyenda monga mwa mphamvu ya yofokayo. Comweconso ndi kompyuta. M'kati mwace muli purosesa imene iganiza ndi kulamula. Muli graphics card imene ijambula zithunzi zooneka pa galasi. Muli hard disk kapena SSD, ndiyo nkhokwe yosungiramo masewera. Muli RAM, ndiyo licero loikamo zimene zatapidwa m'nkhokwe kuti zigwire nchito nthawi yomweyo. Wanzeru sagula zonse pamodzi, koma ayamba wafuna ng'ombe yofoka. Aipeza potsegula Task Manager ya mu Windows masewera ali m'kati, napenya cipangizo cimene cafika pa 100 pamene zinzace zikali kupuma. Ndico coyamba kusintha.

Opanga masewera alemba poyera zimene masewera ao afuna, ndipo nkwabwino kuwerenga zimenezo ndarama zikali m'thumba. Masewera a mpira a EA Sports FC 24, amene anaturuka mu 2023 m'malo mwa FIFA, afuna RAM yosacepera 8GB, malo a 100GB, ndi graphics card yonga GTX 1050 Ti kapena RX 570. Wofuna mpira wotere alibe cifukwa cotayira ndarama pa cipangizo ca mtengo wa ng'ombe ziwiri. Ngati kompyuta icedwa kuyaka ndi kutsegula masewera, mankhwala ace ndi SSD, imene iwerenga msanga katatu kapena kanai kuposa hard disk yakale, ndipo siidula kwambiri. Ngati RAM icepa, aifikitse pa 16GB. Timitengo tiwiri ta 8GB tithamanga bwino kuposa kamodzi ka 16GB. Koma ngati zithunzi zidukiza wosewera akamathamanga ndi mpira, bvuto kawirikawiri liri pa graphics card, ndipo pamenepo ndipo payenera kupita ndarama zambiri.

Zipangizo siziyenerana zonse. RAM ya DDR3, ya DDR4 ndi ya DDR5 isiyana kapangidwe, ndipo imodzi siilowa pa malo a inzace. Purosesa nayo iri ndi mpando wace pa motherboard, thabwa lalikuru limene zonse zilumikizidwapo. Amene ali ndi mpando wa AM4 wa kampani ya AMD ali ndi mwai, pakuti motherboard zambiri zotere zilandira Ryzen 5 5600 ya mu 2022 zitangosinthidwa BIOS, osagulanso RAM yatsopano. Koma mpando wa AM5 ufuna DDR5, ndiye kuti kugula zinthu zitatu nthawi imodzi. Makompyuta ang'ono a Dell ndi HP, amene anagwirapo nchito m'maofesi, ali ndi bokosi lopapatiza ndi magetsi ocepa. Otere akhoza kulandira GTX 1650 yaifupi, imene idya mawati 75 okha, koma yaikuru siingalowemo. Wogula kompyuta yakale akumbukirenso kuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndi kuti purosesa ikakhala ya Intel, Windows 11 ifuna ya mbadwo wa 8 kapena wotsatira.

Walira mvula walira matope: graphics card yamphamvu ifuna magetsi ambiri. RX 580 idya mawati 185, pamene RX 6600 ya mu 2021, ngakhale iiposa liwiro, idya 132 okha. Magetsi amenewa adzera m'kabokosi kochedwa power supply, ndipo apa ndi pamene ambiri aumira, poti kabokosiko sikaonjeza liwiro la masewera. Koma power supply yopanda dzina ikapsa, nthawi zina ipita ndi motherboard ndi graphics card yomwe, ndarama za caka cathunthu nizitha m'kamphindi. Pa kompyuta yotere pafunika ya mawati 500 kapena 550, ya kampani yodziwika, yokhala ndi cizindikiro ca 80 Plus.

Ku Katete cenjezo limeneli nlolemera koposa. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo ZESCO inayamba kugawa magetsi, kufikira kuti m'mwezi wa September malo ambiri anali kukhala maora oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Nthawi yoopsa kwa kompyuta ndi pamene magetsi azima mwadzidzidzi ndi pamene abwera, ndiponso m'dzinja mphenzi zikamang'anima. Motero gawo lina la ndarama lipatulidwe kugulira cotetezera magetsi, kapena UPS, imene iri ndi batire yopatsa munthu mphindi zocepa zakuti azimitse kompyuta bwino. M'cilimwe fumbi litseka timphepo toziziritsa, ndipo kulipukuta mwezi ndi mwezi sikulira ngwee ngakhale imodzi.

Za kugula tsono. Zipangizo zimenezi zicokera kunja, ndipo mtengo wace utsata dola. Kumapeto kwa 2024 dola imodzi inapitirira K27. Cifukwa cace ambiri agula zogwirapo kale nchito, ndipo kutero sikulakwa, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Graphics card zambiri zakale, makamaka RX 580, zinagwira nchito usana ndi usiku pokumba ndarama za pa intaneti zochedwa Ethereum, kufikira September 2022 pamene kukumba kotero kunatha, ndipo eni ace anazitaya pamsika. Zina zikali zolimba, zina zatopa. Wogula aumirire kuti wogulitsa aiike m'kompyuta, masewera ayende theka la ora, iye akupenya ngati zithunzi zituruka mizere, ngati timphepo tizungulira, ndi ngati kompyuta izima yokha. Wogulitsa wokana kuyesa wanena kale zonse.

Kucokera ku Katete kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo kubweza cinthu cakufa kudya ndarama za basi zoposa phindu limene munthu anaona pogula. Kutumiza ndarama pa foni kwa munthu wosadziwika wa pa Facebook, katundu asanaoneke, ndiko kuponya mbeu pathanthwe. Apa mbale wa ku Lusaka kapena ku migodi athandiza koposa: m'malo motumiza ndarama, apite yekha ku sitolo ndi pepala lolembedwa dzina la motherboard, mtundu wa RAM ndi mawati a power supply, ayesetse cipangizo pamaso pace, natenge risiti yonena masiku obwezera. Ngati ndarama sizikwanira zonse caka cino, ayambe ndi magetsi ndi SSD. Graphics card idikire zokolola zina, ndipo idzapeza nyumba yace iri yokonzeka.