Kaundula wa Zolemba za Akatswiri

M'chaka cha 1955, Eugene Garfield wa ku America analemba m'magazini ya Science ganizo limene anatengera kwa anthu a zamalamulo, amene amalondola milandu yakale yomwe oweruza aitchula pogamula milandu yatsopano. Iye anafuna kuti zolemba za asayansi zilondoledwe chimodzimodzi: katswiri akatchula ntchito ya mnzake, zilembedwe m'kaundula. Kaundulayo, wotchedwa Science Citation Index, anayamba kutuluka mu 1964 ku Philadelphia.

Cholinga chinali kuthandiza wofufuza kupeza zimene anzake analemba. Koma m'kupita kwa nthaŵi kaundula anasanduka sikelo. Mayunivesite ambiri anayamba kukweza mphunzitsi pantchito pongoŵerengera kuchuluka kwa zolemba zake m'magazini a m'kaundulamo, kaŵirikaŵiri okwezawo osaziŵerenga n'komwe. Apa m'pamene akathyali anaonera mpata. Kunabuka magulu opeka kafukufuku wabodza ndi kumugulitsa, kotero kuti wogula amatchedwa mlembi wa ntchito imene sanaigwire.

M'mwezi wa Marichi 2023, kampani ya Clarivate, imene isunga kaundulayu m'dzina la Web of Science, inachotsamo magazini oposa 50. Mwa ameneŵa, 19 anali a Hindawi, kampani imene Wiley inagula mu 2021. M'chaka cha 2023 chokha, zolemba za Hindawi zoposa 8,000 zinafafanizidwa. Ena mwa magaziniwo anali a zachipatala, ndipo zolemba zofafanizidwa zimatchulidwabe ndi akatswiri amene sanamve kuti zinakanidwa.