Maina a Mizinda ya Kumpoto kwa England

Lero tambasulani mapu a dziko la England, ndipo muike cala canu kumpoto, pa mzinda wa York.

Dzina limeneli ndi lalifupi, koma lapita m'kamwa mwa mitundu ingapo ya anthu. Asilikali Aciroma anamanga linga lao pamenepa m'caka ca 71, nalicha Eboracum, potengera liu la eni dziko limene akatswiri amati linali kunena mtundu wina wa mtengo. Aroma atacoka kunadza anthu ochedwa Angles. Iwo sanamve tanthauzo la dzinalo, motero analikhotetsera ku cinenero cao nati Eoforwic, ndiko kuti mudzi wa nguluwe. M'caka ca 866 mzindawo unalandidwa ndi a Viking, ankhondo a m'ngalawa ocokera ku Denmark, ndipo pa lilime lao unasanduka Jorvik. Popita zaka, Jorvik anafupika nakhala York.

A Viking aja sanangofunkha ndi kubwerera kwao ai. Ambiri anakhazikika, nalima, nakwatira, ndipo umboni wace uli m'maina. Mu York muli mseu wochedwa Coppergate. Mwana wa ku migodi angafulumire kunena kuti umenewu ndi mseu wa mkuwa, koma si tero: m'cinenero ca a Viking dzinali litanthauza mseu wa osema zikho. Ofukula zakale atakumba pamenepo kuyambira 1976 kufikira 1981, anapezadi nyumba za matabwa ndi zotsalira za mbale ndi zikho zosema.

Tsopano tsetserekani ndi cala canu kum'mawa, kufikira pamene mtsinje wa Humber uthira m'nyanja. Mupeza Grimsby. Dzina lothera ndi "by", monga Whitby ndi Selby, kawirikawiri linena mudzi kapena munda m'cinenero comweco. Grimsby ndiye mudzi wa Grim, amene nthano imati anali msodzi wa ku Denmark.

Kaya nthanoyo ndi yoona kaya ai, nsomba ndizo zinakuza mzindawu. Njanji itafika m'caka ca 1848, nsomba zinayamba kufika ku London zisanaole, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Grimsby anali kuwerengedwa doko la asodzi loposa onse pa dziko lapansi. Koma nsomba zambiri anali kukazigwira kutali, m'nyanja yozungulira Iceland. Pambuyo pa mikangano yaitali, m'caka ca 1976 boma la Britain linabvomera kuti ngalawa zace zileke kusodza mwaufulu m'kati mwa mamailosi 200 kucokera pa gombe la Iceland. Ngalawa zinaima pa doko. Cowawa koposa cinali cakuti asodziwo anali kuyesedwa anchito aganyu, ndipo ambiri anacotsedwa cimanjamanja. Boma linadzakonza cipukuta misozi m'caka ca 2000, ena atamwalira kale. Inu a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994, mudziwa m'mene mzinda umakhalira pamene nchito imene unadalira yatha.

Lero anthu ambiri a ku Grimsby agwirabe nchito ya nsomba, koma m'mafakitale, pokonza nsomba zogulidwa ku Iceland ndi ku Norway. Ena akwera ngalawa m'mamawa kukasamalira makina opanga magetsi ndi mphepo amene anazikidwa pakati pa nyanja. Ngakhale ziri tero, dera la East Marsh, kumene kunali kukhala mabanja a asodzi, liwerengedwabe pakati pa madera osauka koposa m'England monse.