Mipando ya amayi ku Nyumba ya Malamulo: vuto lili ku mapulaimale



Tiyambe ndi manambala. Mu 1994, pa aphungu 177, amayi analipo 10 okha. Mu 2009 anadutsa 40. Ndiye 2014 inabwera, dziko likutsogoleredwa ndi mayi, Joyce Banda, koma amayi ku Nyumba ya Malamulo anatsika kufika pa 32 mwa mipando 193. Mu 2019 anakweranso kudutsa 40, Catherine Gotani Hara n'kukhala mayi woyamba kukhala Sipikala. Kukwera, kutsika, kukwera. Zikuyenda ngati mitengo ya chimanga chifukwa palibe lamulo lozigwira.

Ena amati "amayi sadzidalira" kapena "amayi savoterana". Bodza limenelo, abale. Pitani ku mapulaimale a chipani chilichonse mukaone. Amene wabwera ndi ndalama zogawa, nsalu, ndi anyamata okuwa ndi amene amatenga tikiti. Mayi akalimba mtima, amamutukwana za thupi lake ndi banja lake, zinthu zimene bambo safunsidwa n'komwe. Ena amawaponya m'madera amene chipanicho chikudziwa kuti sichingawine, kenaka n'kumanyadira kuti "ifetu tinaimika amayi". MEC imatsitsa ndi theka ndalama yolembetsera amayi, chabwino, koma kampeni yeniyeni ndi mafuta a galimoto, maliro ndi masukulu fizi a anthu a m'dera lonse. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama, koma tonse timaona.

Gender Equality Act ya 2013 imati pantchito za boma pasapitirire 60 pa 100 amuna kapena akazi okhaokha. Koma siyifika pa chisankho. Mu 2017 Law Commission inapereka maganizo oti boma lililonse mwa 28 likhale ndi mpando wa mayi. Mapepala aja akungodya fumbi. Ku Rwanda anaika m'malamulo oyendetsera dziko, ndipo amayi ndi oposa theka la aphungu.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Phungu wa dera lanu mumufunse poyera, pa msonkhano kapena pa Facebook pake: mipando 28 ija akuivomera kapena ayi? Yankho lake mulijambule, mutumize mu gulu muno. Achemwali amene mukuganiza zoimira ukhansala kapena uphungu, tiuzeni msanga, tiyambe kuyenda nanu khomo ndi khomo mapulaimale asanafike.