Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Tchalitchi Chatsopano ku Diamphwe

Ndipereke ulemu kwa a Gogo Chalo ndi mafumu onse, Bambo Mfumu, abusa a mipingo ina amene mwabwera kudzasangalala nafe, amayi, abambo ndi achinyamata. Mwapadera ndilonjere inu abale athu a kwaya amene mwachokera ku Angonia, m'chigawo cha Tete. Takulandirani ndi manja awiri.

Achinyamata, mundimvetsere, chifukwa zimene ndinene pano simunazione. Mtsinje wa Diamphwe uwu umachokera m'mapiri a Dzalanyama, ndipo kuseri kwa mapiriwo ndi ku Mozambique. Kuyambira 1977 mpaka 1992, kumeneko kunali nkhondo yapachiweniweni pakati pa Frelimo ndi Renamo. Itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, anthu ankatulukira kuno ku Lilongwe, ku Dedza ndi ku Ntcheu mapazi atatupa, mayi mwana kumbuyo, kamtolo pamutu, ena opanda ngakhale mphika. Othawa nkhondo m'Malawi muno anapitirira 1 miliyoni. Amene ankayenda pa msewu wa M1 cha ku Lizulu akukumbukira: mbali ya Malawi anthu akugulitsa kachewere ndi kabichi, kungodumpha msewu n'kuona masitolo opanda madenga, zipupa zakuda ndi utsi, udzu utamera pakhomo.

Nkhondoyo sinasiye ngakhale nyumba za Mulungu. Pa 30 Okutobala 1985, ansembe awiri a chipani cha Jesuit, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia komweko, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, n'kuphedwa. Anali atasankha kukhala ndi akhristu awo.

Kwa othawa nkhondo kuno, ufa, nyemba ndi mafuta zinkabwera kudzera ku mabungwe monga UNHCR ndi Red Cross, ndipo tiyenera kuyamika. Koma malo omangapo kanyumba anapereka ndi mafumu. Chitsime chinali cha mudzi, nkhuni zinali za mudzi, ndipo wothawa nkhondo akamwalira, adzukulu a pamudzi ndiwo ankakumba manda. Makolo athu sanafunse chiphaso. Anamva munthu akuyankhula Chichewa chathu chomwechi, akutchula mfunda womwewu wa Phiri, Banda kapena Mbewe, n'kumuyalira mphasa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Komatu siginecha siifolera nyumba. Anthu anabwerera kukapeza minda itasanduka thengo, njira zina zili ndi mabomba okwirira pansi. Dziko la Mozambique linadzalengeza kuti lathana ndi mabombawa mu 2015. Obwererawo anayamba kupemphera pansi pa mitengo, kenako n'kuumba njerwa. Lero kachewere ndi chimanga cha ku Angonia zikudyetsa ife amene tinawadyetsa.

Azungunso anadutsa momwemu. Ku France kuli mzinda wa Reims, kumene mafumu a dzikolo ankalongedwa ufumu m'tchalitchi chachikulu. Pa 19 Seputembala 1914, mizinga ya Germany inayatsa denga lake, mtovu wa padenga n'kusungunuka. Pafupifupi mzinda wonse unatsala mabwinja. Anakonza tchalitchicho zaka pafupifupi 20, n'kuchitsegulanso mu 1938. Ndi mumzinda womwewo mmene asilikali a Germany anasainira zoti agonja pa 7 Meyi 1945. Koma chimene chimandikhudza mtima ine ndi cha mu Julaye 1962, pamene Charles de Gaulle wa ku France ndi Konrad Adenauer wa ku Germany anakhala limodzi pa Misa m'tchalitchi chomwecho. Ku Angonia nakonso, amene anali mbali ino ndi amene anali mbali inayo akugwada pa benchi imodzi. Imeneyo ndi ntchito yolemera kuposa kukweza zipupa.

Inu akhristu a kuno, ndaona ntchito yanu: amayi kutunga madzi ndi kututa mchenga kumtsinje, abambo kuwotcha njerwa, mphakati uliwonse kusonkha pogulitsa fodya, mtedza ndi soya. Pempho langa kwa a komiti ndi limodzi. Pakati pathu pali agogo amene anasunga othawa nkhondo, ndi ena amene anabwera nthawi imeneyo n'kukwatira konkuno. Achinyamata akhale nawo pansi, alembe zimene akukumbukira, bukulo lisungidwe m'tchalitchi muno.

Tsopano, ndi chilolezo cha a Gogo Chalo ndi Bambo Mfumu, ndikulengeza kuti tchalitchichi chatsegulidwa. A kwaya a ku Angonia, titsogolereni polowa.