Mau a Wapampando pa za Penshoni ya Asilikali Akale

Nkhani imene ndadza nayo lero ndi ya asilikali akale amene analumala kapena kusauka atabwera ku nkhondo.

Akulu anati walira mvula walira matope. Boma likaitana mnyamata kuti asiye khasu nanyamule mfuti, liyenera kusenzanso mtolo wake pamene wabwera wopanda mwendo kapena maso. Chifukwa chake nditi penshoni ya msilikali ndi ngongole imene Boma liyenera kubweza, ndipo woilandira asayesedwe wopemphapempha.

Tikumbuke m'mene ngongoleyi inayambira. Mu September 1914 asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi Ajeremani pa Karonga, ndipo amtengatenga osawerengeka anafera m'njira ndi njala ndi nthenda. Chaka chomwecho John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti osauka ndiwo akufa, nasiya akazi amasiye ndi ana opanda wowasamala. Pa nkhondo yachiwiri anyamata a Nyasaland anamenya ku Somaliland mu 1940, ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944.

Nanga pobwera analandira chiani? Zikalata za Boma la Britain zimene zinaululidwa mu 2019 zionetsa kuti msilikali wamba wachizungu anapatsidwa 10s. pa mwezi uli wonse umene anatumikira, koma Mwafirika wa udindo womwewo 3s. 6d. yokha. Ndalamazi zinaperekedwa kamodzi, ndipo zitatha ambiri anatsala manja ali m'khosi. Nyumba za asilikali okalamba ku Zomba zinasunga owerengeka chabe. Mu 2018 Boma la Britain linalonjeza £11.8 miliyoni kuti asilikali akale a maiko a Commonwealth ndi amasiye ao azidya kawiri pa tsiku. Tithokoza, komatu thandizolo linafika ochuluka atagona kale.

Tsono abale anga, ife tichitenji? A nkhondo ya ku Burma atsala pang'ono kutha, koma akazi ao ena alipo, ndiponso alipo amene analonda njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique. Ndipempha zinthu zitatu. Choyamba, nthambi iri yonse ilembe maina a asilikali akale ndi amasiye ao mothandizana ndi anyakwawa. Chachiwiri, mlembi wathu athandize osadziwa kulemba kusonkhanitsa zikalata zao zotulukira usilikali, pakuti wopanda chikalata savomerezedwa msanga. Chachitatu, titume nthumwi kwa Bwanamkubwa wa boma lino kukapempha kuti olumala azilandira mwezi ndi mwezi, kufupi ndi kwao, osayenda ulendo wodya ndalama yomweyo.

Maluwa ofiira amene timabvala mu November sakhutitsa nkhalamba yogona ndi njala. Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tigwirizane pa nchito imeneyi eni ake akali ndi moyo.