AMISIRI OONGOLA GALIMOTO M'MAKOMBONI A LUSAKA

Munthu akayenda m'mamawa m'Kanyama, m'Chawama kapena m'Matero, amamva kulira kwa nyundo pa citsulo. Amene akumenyawo ndiwo amisiri oongola galimoto zophwanyika. Ambiri a iwo alibe galaja yeniyeni, koma amagwira nchito kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo, ndipo luso lao analilandira kwa atate kapena kwa amalume ao.

Nchito imeneyi inakula cifukwa ca mabvuto. M'caka ca 1965, pamene Azungu a ku Rhodesia anadzitengera okha ufulu, mafuta ndi katundu wa Zambia anayamba kudzera ku Dar es Salaam pa mseu wafumbi, ndipo malori ambiri anali kufika atapindikapindika. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zitsulo zatsopano za galimoto zinasowa m'masitolo. Masiku amenewo citseko cophwanyika sicinali kutayidwa ai. Mmisiri anali kuciongola, kapena kudula cigamba pa galimoto yakufa ndi kucioceherapo. Pamene kampani ya mabasi ya UBZ inatsekedwa mu 1995, anthu anadalira mabasi ang'onoang'ono ogwirako kale nchito ku Japan, ndipo amisiri omwewa ndiwo anali kuikamo mipando ndi kuwapaka utoto.

Mwana wa mmisiri amayamba ndi galimoto za waya. Akasinkhuka amapatsidwa sandipepala kuti apale utoto wakale, ndipo papita nthawi asanaloledwe kugwira nyundo. Atate ace amamuonetsa kuika citsulo colemera kuseri kwa malo opindika, ndi kumenya pang'onopang'ono kuyambira m'mbali kufikira pakati. Amamphunzitsanso kuyesa ndi cikhatho, pakuti dzanja limamva pamene diso silinaone. Izi sizilembedwa m'buku.

Koma pali cinthu cimene cifuna kuononga mbiri ya nchitoyi. Ena, pofuna ndalama zamsanga, saongola citsulo, koma amangomata phala lochedwa fila mocindikala ndi kupopera utoto pamwamba. Galimoto imanyezimira ndithu, koma akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Patapita miyezi yowerengeka fila amang'ambika ndipo dzimbiri limaturukira. Coopsa koposa ndi ici: ngati citsulo cacikuru ca pansi cimene cinyamula galimoto yonse catsala cokhota, matayala amatha mbali imodzi, ndipo basi yodzaza ndi anthu ikhoza kupatuka pa mseu.

Galimoto zamakono nazo zasintha. Citsulo cace ncopyapyala, mabampa ndi apulasitiki, ndipo m'kati muli mawaya ambiri amene moto wa gasi ungathe kuwaocha. Cifukwa cace makolo anzeru amatumiza ana ao, amuna ndi akazi omwe, kukayesedwa mayeso a umisiri a bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Mwana wokhala ndi dzanja la atate ace pamodzi ndi setifiketi angathe kulandira nchito za makampani, zimene atate ace sanali kuzipeza.

Tsono mwini galimoto asafunse mtengo wokha. Apite akaone nchito utoto usanapakidwe, pakuti pamenepo mpamene mmisiri weniweni amadziwika.