Za Camba ca Kuseri kwa Nkhokwe

Abale okondedwa a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, mverani. Alipo ena mwa ife amene abzala mapata awiri atatu a camba kuseri kwa nkhokwe, nanena, Tingosamala monga maluwa, ndiponso boma linaloleza kale. Anyengedwa amenewo. Pakuti lamulo limene aphungu anakhazikitsa m'caka ca 2020 lilola okhawo otenga ciphaso, olimira mankhwala ndi nchito za mafakitale. Koma wopanda ciphaso, lingakhale phata limodzi, ali ndi mlandu ndithu.

Condiwawa koposa ndi ici: atate atuma mwana ndi ndowa kukathirira madzulo, mwana yemweyo amene ayenera kulawirira ku sukulu. Adziwa fungo lace asanadziwe kuwerenga. Inu aphunzitsi, poceza ndi makolo sabata lino, muwafunse za cimeneci, mofatsa, ana palibe.